Mapointi 22, dzina silinatuluke: ndibwereze, ndipite kwa malume ku Biwi, kapena ndilowe usilikali?

Mnyamata wa ku Mitundu:
Akuluakulu nonse, moni. Ndakhala pagulu pano pafupifupi chaka ndikungowerenga za anzanga, lero yandigwera ndine. Ndili ndi zaka 20. MSCE ndinakhoza ndi mapointi 22, ndipo pofunsira malo ku yunivesite kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ndinaika LUANAR patsogolo, poti Bunda ndi pakhomo, ndakula ndikuwaona ophunzira ake akudzagula ndiwo pamsika wathu. Mayina atatuluka ndinawerenga kawiri konse, langa munalibe.

Bambo anamwalira ndili folomu 2. Mayi amagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo pambuyo panga pali ana atatu, wotsiriza ali sitandade 4. Mayi akuti ndibwereze folomu 4, za fizi alimbana nazo okha. Malume, alongo awo a mayi, ali ndi shedi yowotcherera ku Biwi, akuti ndipite akandiphunzitse ntchito. Koma ineyo mtima ukundikokera ku usilikali. Mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi analowa, pano mwezi ukatha makolo ake amalandira kangachepe pafoni, ndipo nyumba yakwawo ndi yamalata tsopano. Ine ndikudyabe thukuta la mayi. Ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene munadutsamo m'njira zimenezi.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Pepa mwanawe. Tisanakupatse maganizo, tiuze: mapointi 22 amenewo agawika bwanji? Masamu ndi sayansi unapeza chiyani?

Mnyamata wa ku Mitundu:
Aphunzitsi, Chichewa 2, Agriculture 2, Chingerezi 3, Biology 4, Geography 5, Masamu 6. Chemistry ndinapeza 7. Sukulu yathu inalibe labu, zambiri tinkangoziona zojambulidwa pabolodi.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Ndiye bala talipeza pamene lili. Ana ambiri amaganiza kuti akakwanitsa makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, basi alowa. Amenewo amangokulola kuima pamzere. Mayunivesite aboma alipo 6 okha: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST, ndipo oyenerera amachuluka kutalitali kuposa malo. Komanso pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana. Za ulimi ku Bunda si khasu lokha, muli Chemistry ndi Masamu ambiri. Iwe 2 wa Chichewa anakutsitsira mapointi, koma sanakuthandize pa zimene unapempha.

Kubwereza kumathandiza mwana wodziwa pamene anagwera, ngati mmene iwe wadziwira tsopano. Koma ukabwerera kukakhala m'kalasi lomwe lija lopanda labu, 7 uja akhoza kubweranso.

Msilikali wopuma:
Mwana wanga, ndilankhule nawe ngati bambo ako. Ndinavala yunifolomu zaka zoposa makumi awiri, ndipo sindinong'oneza bondo ngakhale tsiku limodzi. Inandiphunzitsira ana, inandipatsa abale a mitundu yonse ya m'Malawi muno. Ndiye usaganize kuti ndikukuopseza. Koma ndawerenga zimene walemba katatu, ndaonamo malata, ndaonamo ndalama ya pafoni. Usilikali sindinauonemo.

Mnzakoyo wakuuza za malipiro. Kodi wakuuza za ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima? Dzuwa la kunyanja lija likukutentha, chikwama kumsana, tulo tochepa, wina akukukalipira pa kanthu kakang'ono, iwe osayankha. Miyezi imeneyo ndi yoti akuswe, akuumbenso. Alipo amene amathawa usiku, ndipo ambiri mwa iwo si ofooka thupi, ndi amene anabwera chifukwa cha njala yokha. Ukatsiriza sukhala kumene ukufuna. Akhoza kukutumiza ku Cobbe ku Zomba, ku Moyale ku Mzuzu, ku Chilumba, ku Monkey Bay kwa a m'madzi. Usaganize kuti poti ndiwe wa ku Lilongwe ukhala ku Kamuzu Barracks n'kumapita kukaona mayi Loweruka lililonse. Ndiponso si ganyu yoti ukatopa utule khasu n'kumapita. Umalumbira, ndipo uli pansi pa malamulo a asilikali usana ndi usiku.

Anthu amati Malawi alibe nkhondo. Ife kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 tinkalondera njanji ya ku Nacala, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, ndipo si onse amene tinapita nawo anabwerako. Achinyamata a masiku ano awo ndi Congo. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anaomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo bungwe la United Nations linamupatsa mendulo yaulemu mu 2019, iye atagona kale. Mu Januwale 2025 tinatayanso atatu pa nkhondo ya zigawenga za M23. Onsewo anali ndi amayi awo.

Pali zina zimene zimandinyaditsa. Namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri mu Malichi 2023, amene ankafukula anthu m'matope ku Chilobwe ndi kuwolotsa ena ku Phalombe ndi ku Mulanje anali anyamata ndi atsikana athu. Ukaona zimenezo mtima n'kunena kuti ine malo anga ndi pamenepo, lowa, ndidzakudalitsa. Koma dzifunse moona: akanati malipiro a msilikali ndi ofanana ndi a kwa malume ako, ukanasankha kuti?

Mlongo wa msilikali:
Bambo anena zoona. Achimwene anga anakhala ku Congo pafupifupi chaka. Anabwerako amoyo, anagula puloti, tinathokoza Mulungu. Koma chaka chimenecho mayi athu anaonda. Foni ikalira usiku ankayamba kulira asanaiyankhe. Achimwenewo mpaka lero chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka. Ndalama zake ndi zenizeni, mtengo wakenso ndi weniweni. Mayi ako anaika kale mwamuna m'manda, ukambe nawo bwino.

Wadigiri wa ku Area 25:
Ine ndinena mosapsatira: usataye chaka kubwereza. Ndinamaliza digiri zaka zitatu zapitazo. Makalata ofunsira ntchito ndasiya kuwawerenga. Ndinalowako pulogalamu ya boma ya ma intern, itatha ndinabwerera kunyumba. Pano ndikugulitsa zovala za kaunjika, ngongole ya boma ya sukulu ya ku Loans Board ikundidikira. Mnyamata amene anasiyira folomu 4 n'kukaphunzira upulambala ndi amene amandibwereka ndalama ya mpamba. Pita kwa malume.

Namwino wa kumpoto:
Achimwene a ku 25, ululu wanu ndikuumva, ndipo si inu nokha. Koma musamutsekere mwana chitseko ndi bala lanu. Ine ndine mwana wa mayi wogulitsa makala. Popanda sukulu bwenzi ndili kuti? Pali ntchito zoti ngakhale ukhale ndi luso lotani, popanda pepala la ku koleji sungazigwire: unamwino, udokotala, uphunzitsi wa ku sekondale, uinjiniya wosainira mapulani. Nafenso tinakhalako pakhomo kudikira kulembedwa, sindikubisa. Koma pepalalo silinawole, tsiku lake litakwana linagwira ntchito.

Wadigiri wa ku Area 25:
Achemwali, sindikunyoza sukulu. Ndikunena za nyumba imene ili ndi ana atatu kumbuyo ndi mayi mmodzi pamsika. Chaka chobwereza, kudikira kusankhidwa, zaka zinayi za digiri, kenako kusaka ntchito. Wa sitandade 4 uja adzakhala atafika ku sekondale mkulu wake asanagule ndi kope lomwe. Ndiponso ngongole ya boma ija si onse opempha amaipeza, ndipo amene aipeza sikuti imakwanira zonse. Ndinaona anzanga akugona m'tizipinda ta kunja kwa kampasi anayi anayi, akudya kamodzi patsiku. Za yunivesite zoyima pazokha ndiye musatchule n'komwe, fizi yake si ya tomato.

Namwino wa kumpoto:
Pamenepo sinditsutsa.

Mayi wa zamagetsi:
Mlongo wanga, pa njira zitatu wazitchulazo pali ina yachinayi imene yabisala mkati mwa ya malume ako, ndipo ndi imene ndinayenda ine. Kuphunzira ntchito yamanja kuli pawiri. Kwina ndi kwa mmisiri pashedi, kwina ndi ku sukulu ya ntchito zamanja kudzera ku TEVETA. Iwe ndi MSCE yako ukhoza kupikisana nawo bwinobwino. Makoleji ake akuluakulu ndi Lilongwe Technical, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, kuwonjezapo makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015. Awiri oyambawo ali m'boma lako lomwelo. Olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la TEVET, n'chifukwa chake wosankhidwa ndi TEVETA salipira ngati wa ku yunivesite yoyima payokha. Nakonso kuli mpikisano, usaganize kuti n'kongolowa.

Maphunziro ake amasinthana: miyezi ina m'kalasi ndi mu wekishopu, miyezi ina ku atachimenti. Ku atachimenti n'kumene munthu umapsa kapena kupserera. Ine koyamba ndinagwera kwa bwana wina amene miyezi iwiri yathunthu ankangondituma kusesa ndi kuphika tiyi, ati mkazi sangakwere pa siling'i. Ndinachoka, ndinapeza mkulu wina wachikulire amene tsiku loyamba lomwe anandipatsa tesita n'kunena kuti peza pamene pafera waya. Ameneyo ndiye anandipanga kukhala mmisiri.

Masamu ako a 6 aja usawanyoze, kuno akagwira ntchito. Kuwerengera kukula kwa waya, kuyeza zitsulo za denga, kulemba koteshoni yoti usaluze, zonsezo ndi masamu. Amisiri ambiri aluso amagwa pa koteshoni, osati pa ntchito.

Koma ndisakunamize. Ndinamaliza ndilibe ngakhale dirilo. Chaka choyamba ndinkagwira pansi pa anthu ena, ndalama iliyonse ndinkagula chida chimodzi. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mawaya ndi zitsulo inakwera, anthu ambiri anaimitsa zomanga, ifenso tinakhala osagwira kanthu. Chimene chinandipulumutsa ndi sola, poti kumidzi ndi m'matauni momwe anthu akuifuna. Pano ndili ndi anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi amene ndikuwaphunzitsa.

Makaniko wa ku Ndirande:
Achemwali anena za kusukulu, ine ndinene za pashedi chifukwa ndi kumene ndinakulira. Mphwanga, kwa wachibale n'kwabwino chifukwa ugona ndi kudya, koma n'koopsanso chifukwa sungadandaule. Ine ndinakhala sipanala boyi zaka zinayi kwa m'bale wanga. Kutsuka mapatsi, kugula nsima, kugwirizira tochi. Injini akamatsegula ankandituma kutauni. Ndinadzaphunzira ntchito yeniyeni nditachoka.

Ndiye usanakwere minibasi, mukhale pansi anthu atatu: iwe, mayi ndi malume. Mugwirizane kuti ukakhala nthawi yaitali bwanji, akayamba liti kukugwiritsa makina, ndipo ya sopo izikhalapo kapena ayi. Si mwano, ndi kuteteza chibale. Kenako ukalembe mayeso a boma a ntchito zamanja kuti upeze pepala. Popanda pepala udzakhala ukuwotcherera mawindo ndi mageti a m'makwalala mpaka kukalamba, koma pa ntchito za makontirakitala akuluakulu amafunsa pepala.

Chinanso, maso. Usadzawotcherere ndi magalasi a dzuwa ngati mmene ukuwaonera ena m'misewu. Usiku wake maso amachita ngati athiridwa mchenga, misozi osaleka. Ndipo dziwa kuti magetsi akazima ntchito yaima, tsiku limenelo kulibe ndalama.

Wa ku Joni:
Ndiikepo kamodzi. Kuno ku Johannesburg Amalawi amene akupuma bwino ndi omanga, owotcherera, oika matailosi, osoka. Amene tinabwera ndi MSCE yokha ambiri tili m'magadeni ndi m'nyumba za anthu. Sindikuti ubwere, kuno kuli mavuto ake, makamaka a mapepala. Ndikungoti luso la m'manja limawoloka nawe malire.

Mnyamata wa ku Mitundu:
Zikomo nonse, ndikuwerenga chilichonse. Bambo Msilikali, funso lanu landikhala pakhosi. Kunena zoona, akanati ndalama ndi zofanana sindikudziwa kuti ndikanayankha chiyani. Koma sikuti ndi ndalama zokha. Ndimasirira mmene anthu amaimirira mnzanga uja akafika pamaliro kapena pa chitukuko cha m'mudzi. Chimwalirireni bambo, pakhomo pathu anthu amangodutsa. Palinso munthu wina amene wandiuza kuti ali ndi njira, ndikapeza ndalama dzina langa lidzatuluka pa mndandanda.

Msilikali wopuma:
Ameneyo ndi wakuba, usamupatse ngakhale 1 tambala. Kulowa usilikali salipira. Akafuna anthu amalengeza poyera, zoyenereza amazilemba, ndipo umakaonekera wekha: amaona mapepala ako, umathamanga, achipatala amakuyeza thupi lonse. Anyamata ambiri agulitsitsa mbuzi za makolo chifukwa cha anthu otere, ena mpaka kupatsidwa makalata abodza n'kukabwezedwa pageti.

Za ulemu wanenazo ndazimva, ndipo sindikuseka. Mwana wamasiye amadziwa kuzizira kwa pakhomo popanda bambo. Koma ulemu wa yunifolomu ndi wa yunifolomuyo, tsiku lopuma umaibweza ku sitolo. Ndinaona anzanga amene anatuluka opanda luso lina lililonse, penshoni itachepa mphamvu anakathera pa ulonda wa usiku. Amene anatuluka bwino ndi amene anali ndi ntchito m'manja. Usaiwale kuti m'gulu la nkhondo muli amakaniko, madalaivala, omanga milatho, azachipatala, a zamagetsi, oimba bandi. Mnyamata wobwera ndi pepala la luso sakhala chimodzimodzi ndi wobwera ndi miyendo yokha. Ndipo amene apita patsogolo ndi sukulu ali ndi khomo lina, la maofesala.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Apa bambo atsegula mfundo imene ndimafuna ndifike. Mwanawe, ukuziona njira zitatuzi ngati mphambano yoti ukalowera kumodzi kwina kwatsekeka mpaka kale. Sizili choncho. Makomo amenewa satsekeka nthawi imodzi. La usilikali ndi limene limatsekeka msanga chifukwa amaika malire a zaka, koma pa 20 sunachedwe, uli ndi mpata woti uyambe waphunzira kanthu. La yunivesite ndi limene limakhala chitsegukire nthawi yaitali. Kuli mature entry ya anthu amene ali ndi dipuloma ndipo agwirako ntchito, kuli maphunziro a patali ku Mzuni ndi ku LUANAR komwe ukufunako, ndipo ku MUBAS kuli digiri yophunzitsa aphunzitsi a ntchito zaluso. Ineyo digiri ndinaitenga ndili ndi ana awiri, nditaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri.

Koma usilikali ukalowa, kutuluka si kwako kusankha tsiku. N'chifukwa chake pa zitatuzi, chimenecho ndi choyenera kuchiganizira motalika kuposa zinazo.

Ngati Bunda ikukuwawabe mumtima, sikofunika kuvalanso yunifolomu ya sukulu chaka chathunthu. Ku Lilongwe kuli masukulu a open ophunzira masana ndi madzulo, ena pa sukulu zokhala ndi labu. Ukhoza kulembetsa mayeso a MANEB ngati ekisiteno, wolemba payekha, uku ukugwira kwa malume. Ukatero ulembe maphunziro okwanira, osati awiri okha, kuti satifiketi yatsopanoyo iziima payokha. N'zolemetsa, thupi limakhala litatopa ndi zitsulo, koma ndaona ana akuchita.

Wadigiri wa ku Area 25:
Zimenezo ndiye ndingavomereze. Bola asakhale chaka chonse akudikira mndandanda manja ali m'thumba, ngati mmene ndinachitira ine.

Mayi a ana anayi:
Nonse mwalankhula za mnyamata, ine ndilankhulireko mayi ake poti ndine mnzawo, nanenso ndimakhala pamsika. Mukamva mayi akuti bwereza, ndilimbana nazo, musaganize kuti sadziwa kuwerengera ndalama. Amadziwa kuposa tonsefe, amawerengera tomato mmodzimmodzi. Chimene akuopa n'chakuti anthu adzati bambo atamwalira ana anathera panjira. Mwinanso analonjeza amuna awo ali pamphasa. Mwana wanga, usakawauze mayi ako zimene wasankha ngati chidziwitso. Ukawafunse kaye chifukwa chake akufunitsitsa yunivesite, uwamvere mpaka amalize. Ndipo za usilikalizo usawabisire, asadzamve kwa anthu.

Mlongo wa msilikali:
Mayi mwanena zimene zinali kumtima kwanga.

Mnyamata wa ku Mitundu:
Akuluakulu, pepani ndinasowa masiku atatu, ndinafuna ndiyambe ndachita zimene munandiuza. Ndinakhala pansi ndi mayi usiku ana atagona. Mayi a ana anayi, munalasa. Bambo anasiyira sukulu folomu 2 chifukwa cha fizi, ndipo ali m'chipatala anawauza mayi kuti mwana uyu yekha asadzasiyire panjira. Zimenezi sanandiuzepo chiyambire. Tinalira tonse. Nditatchula za usilikali anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati sangandiletse ndikadzakula maganizo, koma osati chaka chino.

Dzulo malume anabwera ndipo tinakambirana pamaso pa mayi monga ananenera achimwene a ku Ndirande. Poyamba anakhumudwa pang'ono, ati ukundiyesa mlendo? Koma pambuyo pake anavomera: miyezi itatu yoyamba kudula ndi kugirainda, ikatha ndiyamba kugwira makina, ya sopo izikhalapo ntchito ikalowa. Avomeranso kuti ndiziweruka msanga masiku a sukulu ya open. TEVETA ikalengeza ndidzafunsira, ndikufuna kuwotcherera komweko kapena zamagetsi. Munthu wa njira uja ndamuuza kuti ndalama ndilibe.

Usilikali sunachoke mumtima, ndisaname. Ndayamba kuthamanga m'mawa uliwonse mpaka kumunsi kwa phiri la Bunda n'kubwerera. Ndinyamuka Lolemba.

Mayi wa zamagetsi:
Mlongo wanga, ukonzeretu mafotokope a MSCE ndi chiphaso cha unzika, uziike mu envulopu imodzi. Chilengezo chikatuluka masiku ake sachuluka. Ndikachiona ndidzachiponya pagulu pano.

Msilikali wopuma:
Thamanga ndithu mwana wanga, koma usayambe ndi mtunda wautali tsiku lililonse, mawondo ukawafuna. Ukadzafika poganizanso za yunifolomu, udzandifunse pano, ndidzakuuza zoyenera kukonzekera.

Makaniko wa ku Ndirande:
Lolemba usapite ndi silipasi mphwanga, zitsulo zotentha zimagwera kumapazi. Pakaunjika upezapo nsapato zachikopa zotseka ndi ovolosi ya thonje, ya nayiloni imasungunukira pathupi. Ndipo ukangofika uwafunse malume ngati pali chigoba cha kumaso chachiwiri. Ngati palibe, ndalama yako yoyamba ugule chimenecho.